Sukulu yakale ya ku Oozells Street: anaipulumutsa, koma anaipulumutsira ndani?

NaBanda_Smethwick
Abale anga a kuno ku West Midlands, ndithandizeni nzeru, makamaka inu odziwa zomangamanga. Ku Brindleyplace, kuseri kwa Broad Street mu Birmingham, kuli nyumba ya njerwa zofiira yokhala ndi nsanja yosongoka, imene pano amaitcha Ikon Gallery. Nyumba imeneyi inali sukulu ya pulayimale ya ana a anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Lero mulibe mwana wophunzira ndi mmodzi yemwe, muli zithunzi ndi zosemasema, pansi pake pali malo omwera khofi. Kuno kudera lathu nakonso sukulu ina yakale yamtundu womwewo akuti aisandutsa mafulati, ndipo mitengo yake ife osamalira okalamba sitingaifikire. Ndiye funso langa ndi ili: akamanena kuti "tapulumutsa sukulu", chonsecho ana anachokamo kalekale, apulumutsa chiyani? Sikukanakhala bwino kuigwetsa n'kumangapo nyumba zambiri zotchipa zoti anthu azigonamo?

Kamtedza77
Kugwetsa basi. Anthu ali pamzere wa nyumba za khonsolo zaka ndi zaka, ena akulera ana m'kachipinda kamodzi ka hotela. Njerwa sizidyetsa munthu.

Bilidala_wa_Handsworth
Achimwene a Kamtedza, musafulumire. Ine ntchito yanga ndi ya njerwa, ndinayambira kwathu ku Bangwe, ndipo kuno ndagwirapo pa nyumba zakale zotere. Mukadzapitako mudzaime pafupi ndi khoma lija muyang'ane bwinobwino. Mizere ya matope pakati pa njerwa ndi yopyapyala zedi, yofanana kuyambira pansi mpaka m'mwamba. Pamwamba pa mazenera anapinda mosongoka ngati pa tchalitchi, ndipo njerwa za pamenepo anazisema imodziimodzi kuti zigwirane zokha. Palinso zokongoletsa za dongo lootcha ndi miyala yosemedwa. Lero kuti mupeze munthu woyala njerwa choncho mudzamulipira ndalama zoopsa, ndipo amisiri ake atsala ochepa. Mukagwetsa nyumba imeneyo, mwataya ntchito ya manja imene simudzaibwezanso, n'kuikapo bokosi la zitsulo ndi magalasi limene pakatha zaka 40 lidzakhala likudontha.

Kamtedza77
Kukongola sindikukana, a Bilidala. Ndikunena za munthu amene alibe pogona.

Mphunzitsi_Wakale_Zomba
Ndiloleni ndilowererepo, popeza nkhani ya sukuluyi ndinaitsatira nditangofika kuno kudzakhala ndi ana anga.

M'chaka cha 1870 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo la maphunziro, limene ambiri amalitchula ndi dzina la nduna William Forster. Lisanabwere lamuloli, sukulu zambiri za ana osauka zinali m'manja mwa mipingo, ndipo m'mizinda ya mafakitale ana ambirimbiri sankalowa n'komwe m'kalasi. Lamulo lija linalola kuti dera lililonse lopereŵera sukulu lisankhe bungwe lakelake, litolere msonkho, limange sukulu. Birmingham ndiye inali patsogolo pa nkhondo imeneyi: gulu la National Education League linayambira mumzinda uno mu 1869, ndipo akuluakulu ake monga George Dixon ndi Joseph Chamberlain anadzatsogoleranso bungwe la sukulu la mzindawu.

Ya ku Oozells Street anaijambula mu 1877 a kampani ya Martin & Chamberlain, ndipo inatsegulidwa mu Januwale 1878 kuti ilandire ana 807. Kampani yomweyo inajambula sukulu zoposa 40 za mtundu umenewu mu Birmingham. Tsono taganizirani malo ake nthawi imeneyo. Si Brindleyplace ya maofesi ndi malesitilanti imene mukuiona leroyi ayi. Kunali mafakitale, timashopu ta osula zitsulo, ngalande za mabwato onyamula malasha, utsi tsiku lonse, mabanja othithikana m'tinyumba togundana misana. Pakati pa zimenezo n'kumanga nyumba yosanja katatu, ya mazenera akuluakulu, yokongola kuposa nyumba ya mwini fakitale, n'kuuza mwana wa wosula misomali kuti iyi ndi yako. Kwa ine mfundo yagona pamenepo. Anthu aja anaganiza kuti mwana wa mmphawi ayenera chinthu chabwino kwambiri m'dera lonse, osati chotsala. Nyumbayi ikakhalapo, umboni wa ganizo limenelo ulipo, ndipo aliyense wodutsa akhoza kuuona ndi maso.

Chisomo_Cov
Zikomo aphunzitsi. Koma Chamberlain wojambula ndi Chamberlain wandale ndi munthu mmodzi?

Mphunzitsi_Wakale_Zomba
Ayi mwanangu, ndi anthu awiri, ndipo si pachibale. Wojambula anali John Henry Chamberlain, anamwalira mu 1883. Ndiye amenenso anajambula School of Art ya pa Margaret Street. Joseph anali wandale, anakhalapo meya wa mzinda uno.

Mbadwa_ya_Chiradzulu
Ndipo Joseph ameneyo musamutamande kwambiri pagulu la Amalawi. Kuyambira 1895 mpaka 1903 anali nduna yoona za maiko a atsamunda, nthawi imene dziko lathu linkatchedwa British Central Africa. Agogo athu ankathamangitsidwa ndi msonkho wa nyumba, ena kugwira thangata m'maesiteti. Kodi boma lake linamangako sukulu zingati kwathu? Maphunziro onse anawasiyira amishoni. Kuno ana ake ankawamangira nyumba za nsanja, kwathu ankangotolera msonkho. Ine ndikaona nyumba zimenezi mtima sukhala m'malo.

Mphunzitsi_Wakale_Zomba
Zimene mwanenazo ndi zoona, achimwene, sindingatsutse ngakhale pang'ono. Boma la atsamunda linachedwa kwambiri kulowerera pa maphunziro kwathu, dipatimenti ya maphunziro inadzakhazikitsidwa mu 1926. Komabe ana 807 aja sanali olamulira maiko. Anali ana a anthu amene nawonso ankafinyidwa m'mafakitale momwemo. Ine ndikhoza kukwiyira nduna ija koma osadana ndi kalasi imene mwana wosauka anaphunziriramo kulemba dzina lake.

Mbadwa_ya_Chiradzulu
Ndamva aphunzitsi. Koma pa chikwangwani chofotokoza mbiri azilemba mbali zonse ziwiri.

NaBanda_Smethwick
Tabwererani ku funso langa abale. Mbiri ndaimva ndipo yandikhudza. Koma ngati cholinga chinali mwana wa mmphawi, lero mwana wa mmphawi ali kuti m'nyumba imeneyo?

AuntTiya_Erdington
Achemwali, kulowa ku Ikon ndi ulere, salipiritsa pakhomo. Ine ndimapitako ndi zidzukulu zanga nthawi ya holide. Mumakhala chikepe chagalasi chimene chimaimba: chikamakwera mawu a kwaya amakwera nacho, chikamatsika amatsikanso. Kamdzukulu kanga kakang'ono kanagwira chitsulo ndi manja onse awiri, maso ali tong'o, tikufika pamwamba n'kunena kuti agogo tibwererenso. Pambuyo pake kanakhala pansi m'chipinda cha pamwamba, pansi pa denga lalitali lija, kakujambula ndi makrayoni amene anatipatsa. Ndiye musanene kuti mulibe ana. Alimo, kungoti salowa ndi yunifolomu.

Kamtedza77
Ndi angati a ife amene amadziwa kuti ndi ulere? Ine ndadutsapo kambirimbiri, ndimaona ngati ndi malo a mabwana a m'maofesi aja.

AuntTiya_Erdington
Apo ndiye mwanena zoona. Ngakhale ine tsiku loyamba ndinaima pakhomo kudikira kuti wina andifunse tikiti. Malo aja akuzungulira nyumbayo amakuchititsa kudziona ngati wasochera.

Bilidala_wa_Handsworth
Ndionjezere za nsanja ija, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi yokongoletsa chabe kapena ya belu. M'sukulu za kampani imeneyi nsanja inali ya mpweya. Kalasi imodzi munkakhala ana ochuluka, zovala zonyowa ndi mvula, moto wa malasha, kunja utsi. Ndiye anakonza njira zoti mpweya woipa uzikwera n'kutulukira pamwamba pa nsanja, wabwino uzilowa m'munsi. Nthawi imeneyo chifuwa chachikulu chinkapha anthu ambiri m'mizinda, ndiye nkhani ya mpweya sinali yamasewera. Mazenera aatali aja nawonso ndi a kuwala, popeza magetsi kunalibe m'makalasi.

Koma dziwani kuti nsanja imene mukuiona leroyi si yoyamba ija. Yoyambayo anaigwetsa mu 1976 poopa kuti igwera anthu. Nyumbayo inali itasiya kale kukhala sukulu ya ana, inakhalapo koleji, kenako khonsolo inkasungiramo mipando. Inatsala pang'ono kugwetsedwa yonse. Pamene ankamanga Brindleyplace m'zaka za m'ma 1990 ndi pamene anaikonza, a kampani ya Levitt Bernstein ndiwo anajambula mapulani a kukonzako, nsanja anaimanganso ndi mafupa a zitsulo mkati, ndipo Ikon inalowamo mu 1998. Makwerero atsopano ndi chikepe chimene akunena a AuntTiya anaziika m'zipinda zagalasi zomata kunja kwa khoma. Nzeru yake ndi yoti usaboole nyumba yakale pofuna kulowetsa zatsopano, komanso woona adziwe kuti ichi ndi cha 1878, ichi ndi cha dzana.

Chisomo_Cov
Ndiye ngati nsanja ndi yatsopano, mkati anasintha, si chinyengo chimenecho? Tikuitcha yakale koma theka ndi ya 1997.

Bilidala_wa_Handsworth
Funso labwino. Pakati pa akatswiri enieni amakangana pa zomwezo. Ena amati chimene chagwa chagwa, osamanganso chofanizira. Ine ndimaona kuti popanda nsanja nyumba ija inali ngati munthu wometedwa mpala mokakamiza, umamuzindikira koma si iye. Anaibwezera potsatira maonekedwe ake akale, ndipo sabisa kuti inamangidwanso. Chinyengo chikanakhala kunama.

Injiniya_Mdoko
Ndithirepo ndemanga pa za ndalama, chifukwa a Kamtedza ali ndi mfundo imene tisaithawe. Kusunga nyumba yotere ndi kodula. Ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, pa mlingo wa Grade II, kutanthauza kuti sungasinthe zenera kapena kugumula khoma popanda chilolezo chapadera. Madenga ndi aatali, kutenthetsa chipinda m'nyengo yozizira kumadya ndalama. Makoma ndi a njerwa zokhazokha, alibe mpata pakati ngati nyumba zamakono, ndiye ukamata zotchingira kuzizira mosasamala chinyezi chimatsekeredwa mkati. N'chifukwa chake makhonsolo ambiri amafuna kuzichotsa m'manja mwawo. Ndipo mukudziwa kuti khonsolo ya Birmingham inalengeza mu Seputembala 2023 kuti ndalama zaithera, kenako inadula thandizo limene inkapereka ku mabungwe a zaluso.

Koma mbali inayo ndi iyi. Kugwetsa nakonso si kwaulere. Njerwa iliyonse m'khoma lija inaotchedwa kale ndi malasha, utsi wake unapita kale m'mwamba. Ukagwetsa n'kumanga ina, ukuotchanso simenti ndi zitsulo zatsopano, n'kutaya zinyalala matani ambirimbiri. Ndipo chiŵerengero cha mabanja amene angakwane pa kamalo ka sukulu imodzi n'chochepa poyerekeza ndi mzere wa odikira nyumba. Vuto la nyumba silinabwere chifukwa chosunga sukulu zakale. Linabwera chifukwa makhonsolo anagulitsa nyumba zawo kuyambira 1980 osamanga zokwanira zolowa m'malo.

Kamtedza77
Apo pokha ndagwirizana nanu a Injiniya. Koma mafulati a m'sukulu zakale aja amagula ndani? Si ife.

NaBanda_Smethwick
Ndi zimene zikundiwawa inezo. Pakhomo la ya kwathu kuno mawu osemedwa pamwala akadalipo, khomo lina BOYS, lina GIRLS. Ndinaima pamenepo ndikuchokera ku shifiti ya usiku, ndikuona masitepe a mwala atakumbika pakati chifukwa cha mapazi a ana. Posachedwa paikidwa geti ya nambala yachinsinsi, ndipo mdzukulu wa munthu amene anakumba sitepe imeneyo ndi phazi lake sadzalowanso.

Mphunzitsi_Wakale_Zomba
Mayi NaBanda, pamenepo mwasiyanitsa zinthu ziwiri zimene tinkaziphatikiza. Ya ku Oozells Street inamangidwa ndi msonkho wa anthu ndipo mpaka lero munthu wamba akhoza kukankha chitseko n'kulowa osalipira. Ya kwanuyo nayonso inamangidwa ndi msonkho wa anthu koma ikupita m'manja mwa ochepa. Zonse ziwiri makoma apulumuka. Koma ine ndingati yoyambayo yokha ndiyo yasunga chimene anaimangira. Ndikanakhala ndi mphamvu, sukulu yakale iliyonse ikatsekedwa ndikanayamba ndafunsa ngati singakhale laibulale, sukulu ya mkaka, chipatala chaching'ono, malo ophunzirira akuluakulu Chingerezi kapena ntchito zamanja. Mafulati akhale njira yomaliza, pamene zina zonse zakanika, chifukwa kusiyana ndi kuti igwe, bola munthu agonemo.

Dalitso_Leeds
Ife mpingo wathu umachita lendi holo ya sukulu yakale yotere Lamlungu lililonse. Kuzizira kwake m'mwezi wa Januwale timapemphera titavala majekete, koma kwaya ikayamba, mawu amamveka bwino kuposa m'maholo amakono.

Mai_a_Mapasa
Pepani kupatuka, a Dalitso, lendi yake mumalipira bwanji pa ola? Ife tikufuna malo a bridal shower mu Ogasiti.

Dalitso_Leeds
Ndikulemberani kumbali mayi.

Mbadwa_ya_Chiradzulu
Pamene tikulimbana ndi nyumba za eni ake, zathu kwathu zili bwanji? Za nthawi yomweyo, ya Mfumukazi Victoria, tili nazo. Mandala House ku Blantyre ndi ya 1882, yakale kuposa zambiri za kuno, ndipo inapeza ntchito yatsopano mofanana ndi Ikon: muli malo odyera, malo ogulitsa zojambula, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Anthu amatchula David Clement Scott, amene sanaphunzire n'komwe zojambula nyumba, koma amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kuziotcha ndi kuziyala anali makolo athu. Ine chimenecho ndimachitenga kuti ndi chathu. Ku Zomba nyumba ya kazembe woyamba ija inasanduka Hotel Masongola. Koma zina zambiri, nyumba zakale za boma, masiteshoni a sitima, makalasi a mishoni, zikungogumuka, malata kubedwa, mitengo kumera m'makoma.

Bilidala_wa_Handsworth
Ndipo zimene zikukonzedwa nazonso zina akuziononga ndi chikondi chomwe. Nyumba zakale, kuno ndi kwathu komwe, sanamangire simenti yamakonoyi. Kuno anagwiritsa matope a laimu, kwathu zambiri ndi dothi kapena laimu. Matope amenewo ndi ofeŵa kuposa njerwa, amalola chinyezi kutuluka. Ukabwera ndi simenti yolimba n'kumata m'mizere kapena kupulasitala khoma lonse, madzi amasoŵa potulukira, amadutsa m'njerwa, njerwa n'kuyamba kufumbutuka. Ndinakonzapo khoma lina kuno limene wina anamata simenti: mizere ya simenti inali chilili, koma njerwa zake ukazikanda ndi chala zimangothothoka ngati ufa. Tinachita kugoba mzere uliwonse ndi manja, osagwiritsa galainda, chifukwa galainda imadya m'mbali mwa njerwa. Amene muli ndi mawu m'makomiti a mipingo kwathu, mukamatumiza ndalama zokonzera tchalitchi kapena sukulu yakale, chonde funsani kuti amanga ndi chiyani. Ndipo yambani ndi denga ndi mipaipi ya madzi a mvula, penti pambuyo.

Chisomo_Cov
Izi ndiye sindimazidziwa. Ife chaka chatha tinasonkha zopulasitala buloko yakale ya sukulu ya kumudzi kwathu, ndipo tinagula simenti.

Bilidala_wa_Handsworth
Musadandaule kwambiri achemwali, zimatengera kuti njerwa zake ndi zootcha bwino kapena ayi, komanso ngati khonde la denga limatchinga mvula. Mukapita mudzagogode khoma ndi chala. Pakamveka phokoso la mphako, pulasitala wasiyana ndi njerwa. Mudzaonenso m'munsi mwa khoma ngati muli zoyera ngati mchere.

Mphunzitsi_Wakale_Zomba
Mawu a a Chisomo andikumbutsa 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ndinali m'kalasi nthawi imeneyo. Sitandade 1 tinaiika pansi pa mtengo wa mango, bolodi titaitsamiritsa pa thunthu, mvula ikayamba kudontha ana kubalalika. Kuno anachita mosiyana: anayamba kumanga kuyambira 1870, anakakamiza ana onse kupita kusukulu mu 1880, fizi anadzaichotsa mu 1891. Sindikunena kuti tikanadikira, ana aja anayenera kuphunzira. Koma ndikaima kutsogolo kwa nyumba ya ku Oozells Street ndimaganiza za mabuloko amene timamangira ana athu, a mazenera a timabowo ta simenti, mdima masana, malata otentha moti pofika 11 koloko mwana wagona pa desiki. Anthu a 1877 anaganizira za kuwala ndi mpweya wa mwana. Zimenezo sizifuna nsanja kapena ndalama za ku Ulaya. Zimafuna denga lokwera, mazenera mbali zonse ziwiri, ndi munthu wosamala.

Kamtedza77
Aphunzitsi mwandifeŵetsa pang'ono, koma pa mafulati sindinasinthe. Ngati akuigulitsa, gawo lina likhale la lendi yotsika.

Injiniya_Mdoko
Zimenezo zimatheka kuzimenyera, a Kamtedza. Mayi NaBanda, ngati ya kwanuyo sanayambe ntchito, pempho la mapulani limaikidwa pa webusaiti ya khonsolo ndipo aliyense wokhala m'deralo ali ndi ufulu wolembapo maganizo, kawirikawiri m'masiku 21. Simufunika kukhala ndi pasipoti ya kuno kapena kukhala mwini nyumba. Lembani zinthu zogwirika: kuti holo yaikulu isagawidwe koma itsale ya anthu a m'dera, kuti mawu a pamakomo ndi masitepe asachotsedwe, kuti pakhale nyumba za mtengo wofikirika. Fufuzaninso pa mndandanda wa bungwe loona za nyumba zakale la Historic England ngati ili yotetezedwa. Ngati ili pomwepo, bungwe la Victorian Society, loteteza nyumba za nthawi ya Mfumukazi Victoria, limafunsidwa maganizo pakakhala pempho logumula mbali ya nyumba yotere, ndipo mukhoza kuwalembera nokha kuwadziwitsa. Kansala wa dera lanu nayenso mumuone, amakhala ndi tsiku lokumana ndi anthu.

NaBanda_Smethwick
Chikwangwani chachikasu chomata pa mtengo wa magetsi ndinachiona koma sindinachiŵerenge bwino. Mawa ndikaŵeruka ndikachijambula ndikutumizireni a Injiniya, mundithandize kalembedwe kake. Pa mseu wathu pali amayi ena achikulire achizungu amene anaphunzira pomwepo, ndikawagogodera nawonso, mwina ali ndi zithunzi.

AuntTiya_Erdington
Mukalemba mundiuze, nanenso ndili ndi mnzanga wa kumpingo amakhala cha komweko. Ndipo a Kamtedza, holide ikubwerayi tengani ana anu tikumane ku Ikon. Muyambe mwaona pa webusaiti yawo masiku amene amatsegula, chifukwa si tsiku lililonse.